Mayeso a ku Bunda, Khola la ku Mitundu

Munthu wochokera mumzinda wa Lilongwe akakhotera mumsewu wopita ku Mitundu amayenda makilomita pafupifupi 30 asanafike patsinde pa phiri la Bunda. Phirili ndi thanthwe lalikulu loima lokha pakati pa minda, ndipo kale makolo ankapitako kukapempha mvula chilala chikavuta. Pafupi nalo pali sukulu ya ukachenjede ya zaulimi imene anthu a m'midzi yozungulira amangoti Bunda. Mwa ophunzira ambirimbiri a sukuluyi muli kagulu kochepa kamene nkhani ino ikunena: anyamata ndi atsikana ophunzira udotolo wa ziweto, makamaka iwo amene afika chaka chotsiriza ndipo mayeso aakulu awayandikira.

Kungopitirira pang'ono pasukulupo pali msika wa Mitundu. Tsiku la msika likafika, mumsewu mumadzaza ngolo zokokedwa ndi ng'ombe kapena abulu, njinga zonyamula mbuzi zomangidwa miyendo, nkhumba zolira pakaliyala ndi nkhuku zosuzumira m'madengu. Mwini mbuzi uja sadziwa kuti pali wophunzira amene wachezera usiku wonse kuloweza mayina a mitsempha ya mbuzi. Naye wophunzirayo sadziwa dzina la mlimiyo. Komatu mayeso akudzawa ndi a onse awiri. Wina ndiye akalembe, koma winayo ndiye adzaone zotsatira zake m'khola mwake.

Dziko la ziweto losowa madotolo

Sukulu ya Bunda idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960 ngati nthambi ya University of Malawi, ndipo kwa zaka zoposa 40 idaphunzitsa akatswiri a mbewu, a nthaka, a ulimi wothirira ndi a kawetedwe ka ziweto. Koma kuweta ndi kwina, kuchiza ndi kwina. M'nthawi yonseyo Mmalawi wofuna udotolo wa ziweto adayenera kudumpha malire: ena adapita ku Kenya, ena ku Tanzania, ku Zimbabwe ndi ku Zambia, ena mpaka ku Britain. Malo adali ochepa, ndalama zolipirira zidali zovuta kupeza, ndipo mwa amene adapita si onse adabwerera kwawo. Chifukwa cha ichi maboma ambiri mwa maboma 28 a dziko lino adakhala zaka zambiri opanda dotolo wa ziweto ngakhale mmodzi.

Ntchito ya kumudzi idatsamira pa alangizi a ziweto, amene anthu amawatcha a vetenale. Akale adaphunzira ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, ndipo a pambuyo pake ku Natural Resources College. Awa ndiwo ankayang'anira madipi. Anthu achikulire a ku Mitundu ndi ku Nathenje akukumbukira m'mene ng'ombe zinkandondozana m'mamawa kupita kokasamba, mlangizi ataima pakhomo la dipi ndi buku lake lolembamo ziweto za mudzi uliwonse. M'zaka za m'ma 1990 boma lidaleka kuyendetsa madipi lokha n'kuwasiya m'manja mwa alimi. Madipi ambiri adauma, nkhupakupa zidachuluka, ndipo matenda amene zimafalitsa adapeza danga.

Alangiziwa adagwira ntchito yotamandika ndipo akuigwirabe. Komabe pali ntchito zina zofuna munthu wa maphunziro ozama: kuchita opaleshoni ng'ombe imene yalephera kubereka, kutsimikiza dzina la mliri umene wangobuka, kusaina chikalata chovomereza kuti ziweto kapena nyama zidutse malire a dziko. Maiko ena adaiona msanga mfundo imeneyi. Sukulu yoyamba ya udotolo wa ziweto padziko lonse idakhazikitsidwa mumzinda wa Lyon ku France m'chaka cha 1761. Ku South Africa sukulu ya Onderstepoort idayamba m'chaka cha 1920, ndipo ku Zambia sukulu yotere idatsegulidwa mu Lusaka m'chaka cha 1983.

Ku Malawi mwayi udadza pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza, m'chaka cha 2011, kuti Bunda ichoke mu University of Malawi n'kukhala maziko a sukulu yoima payokha, Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources, imene anthu amaifupikitsa kuti LUANAR. Sukuluyi idayamba ntchito m'chaka cha 2012, ndipo posakhalitsa idatsegula maphunziro a udotolo wa ziweto. Madotolo oyamba ophunzitsidwa m'dziko momwe muno adalandira madigiri awo m'chaka cha 2019, patatha zaka 55 chilandirire ufulu wodzilamulira.

Kumanga ndi manja ochepa

Kuphunzitsa dotolo wa ziweto ndi ntchito yodya chuma. Mphunzitsi wa mbiri yakale angathe kuphunzitsa ndi choko ndi bolodi basi, koma sukulu ya udotolo imafuna chipinda chotumbuliramo mitembo ya nyama, mafiriji osungiramo, labotale yokhala ndi makina oonera tizilombo tosaoneka ndi maso, makina ojambulira mafupa, mankhwala ogonetsa nyama pa opaleshoni, galimoto yoyendera makola, ndiponso chipatala chimene ziweto zodwala zimabwerako tsiku ndi tsiku. Koposa zonsezi imafuna aphunzitsi, aliyense wozama pa mbali yake. Apa ndipo padali mfundo yovuta kumasula: wophunzitsa madotolo ayenera kukhala dotolo, chonsecho sukuluyo idatsegulidwa chifukwa chakuti dziko lidalibe madotolo okwanira.

Tsono sukuluyi idayamba monga limayambira banja latsopano, kubwereka mphika uku, mtondo uko. Pamene inkayamba idalibe chipatala chakechake chophunzitsiramo, kotero idadalira anzake: labotale yaikulu ya boma ya matenda a ziweto ku Bwemba mu Lilongwe, chipatala cha bungwe losamalira nyama la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, ndiponso aphunzitsi ochokera kunja amene ankabwera kudzathandiza kwa kanthawi. Mavuto a dziko lonse nawo sadailambalale. M'mwezi wa Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kwa miyezi yambiri magetsi adali ozimazima. M'mwezi wa Meyi chaka chomwecho mphamvu ya Kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Popeza pafupifupi chilichonse cha m'labotale chimagulidwa kunja, kuyambira magolovesi mpaka utoto wopakira magazi poyeza, kugwa kulikonse kwa Kwacha kumafika mpaka pa tebulo la wophunzira.

M'malo otere ophunzira amazindikira msanga kuti mutu umodzi susenza denga. Buku la mtengo wapatali limayenda m'manja ambiri. Amene wapeza zolembedwa pa intaneti amagawira anzake pafoni. Madzulo amakhala m'timagulu, wina akufunsa, ena akuyankha, mpaka amene ankabisa umbuli wake aonekere. Ndipo ndi bwino kuonekera pamaso pa anzako kusiyana ndi kukaonekera pamaso pa woyesa, kapena, choipa koposa, pamaso pa mlimi.

Wodwala wosalankhula

Kodi mayesowa ndi ovuta chifukwa ninji? Dotolo wa anthu amaphunzira thupi la mtundu umodzi, ndipo wodwala wake amanena pamene pakupweteka. Dotolo wa ziweto amaphunzira ng'ombe, mbuzi, nkhosa, nkhumba, bulu, galu, mphaka, nkhuku, nsomba ndi nyama zakuthengo, ndipo palibe ndi imodzi yomwe ingamuuze kanthu. Ng'ombe ili ndi chifu cha zipinda 4, bulu ali ndi cha chipinda chimodzi ndipo sasanza. Bere la ng'ombe limatenga miyezi 9, la mbuzi miyezi 5, la nkhumba miyezi 3, masabata 3 ndi masiku 3, la galu masiku pafupifupi 63. Kambewu ka panado kamene munthu amamwa mutu ukamapweteka kangathe kupha mphaka. Chimene chili mankhwala kwa nyama ina chili poizoni kwa inzake, ndipo zonsezi ziyenera kukhala m'mutu umodzi pakutha pa maphunziro a zaka zosachepera 5.

Mayeso a sukulu zotere sathera papepala. Pali olemba, pali ochita ndi manja, palinso oyankha pakamwa pamaso pa oyesa. Yerekezani kuti wophunzira waimitsidwa pafupi ndi thole lodwala, woyesa ali pambali ndi cholembera. Wophunzira wosakhwima amathamangira jakisoni. Wokhwima amayamba ndi mwini chiweto: "Bambo, tholeli lidayamba liti kukana msipu? Kodi m'khola mwanu zafapo zina? Mudazisambitsa liti komaliza?" Akatero amaima patali pang'ono kuona kapumidwe ndi kaimidwe ka tholelo, kenaka n'kuyeza kutentha kwa thupi. Ng'ombe yabwino imakhala pafupi ndi madigiri 38.5, iyi yafika 41. Amapapasa pansi pa khutu ndi patsogolo pa phewa napeza anabere otupa. Akatembenuza khutu apeza nkhupakupa zofiirira zitamatirira m'kati.

Apa mtima umamuuza kuti ndi East Coast Fever, nthenda imene yapha ng'ombe zosawerengeka m'chigawo chino cha Africa. Koma woyesa safuna zongoganiza. Pali matenda ena a nkhupakupa oyamba ndi kutentha thupi komweku, ena ofiiritsa mkodzo, ena othetsa magazi, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake. Wophunzira ayenera kutenga timadzi ta m'mwanabere ndi kadontho ka magazi, kupaka pagalasi, kuthira utoto, ndi kuona pa makina kachilombo kotchedwa Theileria parva, kamene dzina lake likukumbutsa Arnold Theiler, woyambitsa Onderstepoort. Akatsimikiza, ayenera kuwerengera mlingo wa mankhwala molingana ndi kulemera kwa tholelo, ndipo popeza kumudzi kulibe sikelo ya ng'ombe, amazunguliza tepi pachifuwa kuti apeze kulemerako. Mlingo ukachepa nthenda siitha. Ukapyola, ndalama za mlimi zapita ndipo chiweto chingavulale.

Funso lotsiriza ndilo limagwetsa ambiri: "Tsono mwiniyu umuuza chiyani?" Ayenera kumuuza mtengo wa mankhwala poyerekeza ndi mtengo wa thole, kumuuza moona ngati chiyembekezo chilipo, ndi kumulangiza za ng'ombe zotsala. Ayeneranso kudziwa kuti katemera wa nthendayi amapangidwa mu Lilongwe momwemu, pa Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, ndi kuti katemerayu ndi wachilendo: chiweto chimabayidwa tizilombo tamoyo pamodzi ndi mankhwala otifooketsa, kuti chidwale pang'ono n'kukhala chotetezedwa moyo wake wonse. Katemera wotere amasungidwa pozizira koopsa, ndipo wosadziwa kumugwira angabweretse imfa m'malo mwa chitetezo.

Mafunso amene amayenda ndi miyendo

Mafunso ambiri a mayesowa akuyenda ndi miyendo m'midzi ya pakati pa Mitundu ndi Nathenje. Loyamba ndi chitopa. Palibe mayi wa kumudzi amene sadziwa m'mene nthendayi imasesera khola m'masiku ochepa, nkhuku zitazolika mapiko ndi kupotoka makosi. Chitopa chilibe mankhwala ochiza, koma chili ndi katemera wotchedwa I-2, amene adapezeka ku Australia ndipo amapangidwa ku Bwemba. Ubwino wake ndi wakuti amapirira kutentha kuposa akatemera ena, ndipo kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, miyezi 4 iliyonse, n'kokwanira. Wophunzira ayenera kudziwa chifukwa chake katemerayu saperekedwa kwa nkhuku zimene zadwala kale, ndi kudziwa kufotokoza zimenezi kwa mayi amene akuganiza kuti katemera ndiye adapha nkhuku zake chaka chatha.

Lachiwiri ndi chigodola cha nkhumba. Nthendayi idafotokozedwa koyamba ku Kenya m'chaka cha 1921, ndipo m'chigawo chapakati, makamaka cha ku Mchinji, idakhazikika kalekale, mothandizidwa ndi nkhupakupa zofewa zobisala m'ming'alu ya makola. Ilibe mankhwala, ndipo ikalowa m'khola imatha kupha pafupifupi nkhumba zonse. Munthu sadwala nayo, koma ndiye amainyamula: pansapato, pamatayala a njinga, m'nyama yogulitsa ndi m'zotsala za chakudya. Mlimi akaona nkhumba ziwiri zafa, nzeru yoyamba imene imamudzera ndi kupha zotsala n'kuthamangira nazo kumsika zisanafe zokha, ndipo potero mliri umayenda ulendo wa midzi khumi tsiku limodzi. Apa dotolo alibe jakisoni woti abaye. Chida chake ndi mawu ndi lamulo loletsa kuyendetsa ziweto, ndipo kunena mawu otere kwa munthu amene sukulu fizi ya mwana wake ili m'kholamo kumafuna nzeru ndi kulimba mtima.

Lachitatu ndi chiwewe, ndipo ili limadumpha mpanda wa khola n'kulowa m'nyumba. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limawerengera kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo mwa iwo muli ana ambiri. Zizindikiro zikangoonekera, imfa siilephereka. Komatu njira yothetsera nthendayi ndi yodziwika: agalu 70 mwa 100 alionse akalandira katemera chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa podutsa. Ntchito yotere idayamba mwamphamvu mu Blantyre m'chaka cha 2015 mothandizidwa ndi bungwe la Mission Rabies. Wophunzira amene sangathe kulangiza kholo kuti bala la kulumidwa ndi galu litsukidwe ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, ndipo mwanayo athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo, sayenera kupambana mayeso, ngakhale atadziwa mayina onse a mafupa.

Pali funso linanso limene limapachikidwa pa ngowe m'butchala. Nyama isanagulitsidwe iyenera kuyezedwa: mapapo ndi anabere ngati muli chifuwa chachikulu, chiwindi ngati muli nyongolotsi, mnofu wa nkhumba ngati muli timatuza ta njoka za m'mimba, timene tingadzetse khunyu mwa munthu. Akatswiri amati mwa matenda opatsirana 10 alionse amene amagwira anthu, pafupifupi 6 amachokera ku nyama. Choncho amene akudya kanyenya pa Mitundu kapena pa Nanjiri, ngakhale alibe ndi nkhuku yomwe, ali ndi gawo pa mayeso a ku Bunda.

Digiri ndi chiphaso

Owerenga ena angaganize kuti munthu akavala mkanjo ndi chisoti pa tsiku lolandira digiri ndiye kuti zonse zatha. Ayi ndithu. Digiri ndi umboni wa sukulu wakuti munthuyu adaphunzira. Chiphaso ndi chilolezo cha dziko chakuti agwire ntchito. Lamulo la m'chaka cha 2001 lokhudza madotolo a ziweto ndi owathandiza limafuna kuti wochita ntchito imeneyi alembedwe m'kaundula wa bungwe loyang'anira udotolo wa ziweto, ndipo bungwe limene limalemba dzina lili ndi mphamvu yolifafaniza mwini wake akachita zosayenera. Mayeso otsiriza a kusukulu ndiwo khomo lolowera m'kaundulamo.

Maiko ena amaonjezera mpanda wina. Ku United States ndi ku Canada wotsiriza sukulu amalembanso mayeso a dziko otchedwa NAVLE, a mafunso mazana angapo, asanaloledwe kugwira chiweto cha munthu. Ku South Africa dotolo wophunzira kusukulu imene bungwe la kumeneko silidaivomereze amayenera kulemba mayeso a bungwelo. Ndipo m'chaka cha 2012 bungwe loona za umoyo wa nyama padziko lonse, limene kuyambira 2022 limatchedwa WOAH, lidasindikiza mndandanda wa maluso amene dotolo aliyense watsopano ayenera kukhala nawo pa tsiku loyamba la ntchito, kaya adaphunzira kusukulu yolemera kapena yosauka. Muyeso ndi umodzi popeza tizilombo ta matenda sitidziwa malire a maiko.

Chifukwa chenicheni cha chiphaso n'chapafupi. Munthu wogula chimanga amatha kuluma njere kuti aone ngati chauma. Wogula nsalu amaikoka kuti aone kulimba kwake. Koma mlimi alibe njira yoyesera dotolo. Amene wafika pakhomo ndi chikwama ndi jakisoni, iye amangoti, "Fikani, adokotala," n'kutsegula khola. M'misika yambiri muli anthu ogulitsa mankhwala a ziweto amene sadaphunzirepo kanthu, obaya mankhwala amodzimodzi pa nthenda iliyonse. Chiweto china chimachira mwamwayi, china chimafa. Koma choopsa chobisika n'chakuti tizilombo timazolowera mankhwala operekedwa mosasamala, ndipo mkaka ndi nyama zimafika pa mbale zikadali ndi mankhwalawo, chifukwa palibe adauza mlimi masiku oyenera kudikira. Chiphaso ndi lonjezo la dziko kwa mlimi lakuti munthu uyu adayesedwa m'malo mwake ndi anthu odziwa.

Kodi afewetsedwe?

Tsono pali funso limene anthu achifundo amafunsa, ndipo si lopusa. Ngati sukulu ili ndi zipangizo zochepa, ngati wophunzira wachita opaleshoni kawiri pamene mnzake wa ku Pretoria wachita kambirimbiri, kodi n'chilungamo kuwayesa ndi muyeso umodzi? Ndipo popeza dziko likusowa madotolo, kodi si bwino kutsegula khomo kwambiri kuti atuluke ochuluka? Wophunzira wolephera chaka chotsiriza ndi chisoni chachikulu: makolo adagulitsa fodya, mtedza, mwina ndi ng'ombe yomwe, ndipo ngongole ya maphunziro ikumudikira.

Chisonicho n'choona, koma yankho lake si kutsitsa muyeso. Mayeso akafewetsedwa, kusowa kwa sukulu sikutha. Kumangosamutsidwa kuchoka ku Bunda kupita m'khola la munthu wosauka koposa, amene ng'ombe yake imodzi ndiyo banki, ndiyo thirakitala, ndiyo ngolo yopititsa wodwala kuchipatala usiku. Ndiponso sukulu yatsopano ilibe chuma china choposa mbiri yake. Madotolo ake oyamba akadziwika kuti ndi osadalirika, onse obwera pambuyo adzasenza manyaziwo, ndipo digiri yawo siidzalemekezedwa kunja kwa malire. N'chifukwa chake sukulu za ukachenjede zili ndi mwambo woitana oyesa ochokera kusukulu zina, anthu osadziwa nkhope ya wophunzira kapena mavuto a kwawo, kuti aone ngati muyeso ukusungidwa. Chifundo chenicheni chiyenera kugwa mayeso asanafike: kumanga chipatala chophunzitsiramo, kugula zipangizo, kutumiza aphunzitsi achinyamata kukazama maphunziro ndi kuwasunga akabwerera.

Ndiponso tisaiwale kuti sukulu yosauka zipangizo ingathe kukhala yolemera m'njira ina. Wophunzira wa ku Ulaya amawerenga za East Coast Fever m'buku, mwina osadzaiona moyo wake wonse. Wa ku Bunda amaipeza pa mtunda woyenda ndi njinga. Amadziwa kugwetsa nkhunzi ndi chingwe popanda chitsulo chopanira, amadziwa kufufuma kwa mimba kumene kumagwira ziweto msipu wanthete ukaphuka, amadziwa majumbo amene amapezeka m'chifu cha mbuzi zodya kumsika, amadziwa zilonda za goli pakhosi la bulu. Koposa apo amalankhula chinenero cha mwini chiweto, ndipo amadziwa kuti pofika pamudzi sayambira kukhola, koma kwa a mfumu. Makola a m'midzi yozungulira ndiwo chipatala chachikulu chimene sukuluyi idapatsidwa ulere. Chofunika ndi galimoto, mafuta ndi mphunzitsi woti apite nawo.

Amene akukayika ngati ntchito yotere ili ndi phindu akumbukire mliri wa rinderpest. Udalowa mu Africa cha m'ma 1887, udadutsa kumpoto kwa nyanja ya Malawi cha m'ma 1892, ndipo pofika 1896 udali ku South Africa, utasiya makola opanda kanthu ndi njala m'mitundu yambiri ya anthu. M'chaka cha 2011 dziko lonse lidalengeza kuti nthendayi yatheratu, yachiwiri kuthetsedwa pambuyo pa nthomba. Adaithetsa ndi madotolo ndi alangizi a ziweto, ambiri a iwo Aafirika oyenda pansi ndi mabokosi a katemera, odziwa ntchito yawo bwino lomwe.

Kwa otsiriza sukulu ndi aphunzitsi awo

Wachinyamata amene walemba mayeso a Fomu 4 ndipo mtima wake uli pa ntchito imeneyi adziwe kuti kukonzekera mayeso a chaka chotsiriza ku Bunda kumayambira ku sekondale. Kulowa sukulu ya ukachenjede kumafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, koma pa udotolo maphunziro a sayansi ndi masamu ndiwo msana. Amene amathawa masamu lero adzalephera kuwerengera mlingo wa mankhwala mawa. Adzifunsenso moona mtima ngati angapirire fungo la mtembo wotumbulidwa, ndowe m'manja, ndi kudzutsidwa pakati pa usiku chifukwa ng'ombe ya mkaka yalephera kubereka. Atsikana asamvere zonena zakuti iyi ndi ntchito ya amuna. Ng'ombe imagwetsedwa ndi luso la chingwe, osati ndi minofu. Amene sadapeze malo a digiri asataye mtima, popeza maphunziro a dipuloma a zaumoyo wa ziweto nawo ndi khomo, ndipo dotolo wopanda mlangizi kumudzi ali ngati mutu wopanda miyendo.

Aphunzitsi nawo ali ndi mbali yawo. Ana ambiri a m'midzi adakula akuweta mbuzi, ndipo amadziwa kusiyanitsa yodwala ndi yabwino asanadziwe kulemba dzina lawo. Koma akafika m'kalasi amauzidwa, mwina mosanena, kuti nzeru imeneyo ndi yachimidzi. Mphunzitsi wa sayansi amene atenga mapapo ndi mtima wa mbuzi kubutchala n'kuzitumbula pamaso pa ana, kapena kuitana mlangizi wa ziweto wa m'deralo kuti adzacheze ndi kalasi, wamanga mlatho pakati pa busa ndi labotale. Pa mlatho wotere ndipo padzadutse madotolo a mawa. Aphunzitse ana kufunsa chifukwa, osati kungoloweza, pakuti woyesa wa chaka chotsiriza safunsa dzina la nthenda lokha, koma amafunsa kuti, "Wadziwa bwanji?"

Mayeso akadzatha, mapepala adzachongedwa ndipo mayina adzapachikidwa. Ena adzasangalala, ena adzabwereza, ndipo kubwereza si imfa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma tsiku lina m'mamawa, kumudzi wina wa kuseri kwa Mitundu, mayi adzaima pakhomo la khola, ng'ombe yake ili gone, ana akuyang'ana. Sadzafunsa kuti sukulu idali ndi makina angati, kapena kuti magetsi ankazima kangati. Adzangoti, "Adokotala, kodi ichira?" Amene wapatsidwa chiphaso ayenera kukhala ndi yankho loona.